Momwe mungathandizire munthu wogwa pamsewu pamene khamu likungoonerera

Munthu wagwa pa depoti, akuphupha. Anthu amuzungulira, ena atulutsa mafoni n'kumajambula, koma palibe amene akuwerama. Musafulumire kuwatcha ouma mtima. Mu 1968 akatswiri a maganizo a anthu a ku America, John Darley ndi Bibb Latané, anamvetsera ophunzira mawu ojambulidwa a munthu wokhala ngati wagwidwa khunyu. Mwa amene ankaganiza kuti akumva okha, 85 pa 100 alionse anathamanga kukanena munthuyo asanasiye kulankhula. Mwa amene ankaganiza kuti pali enanso anayi akumva, anathamanga 31 okha. Aliyense mumtima amati wina achitapo kanthu.

Nazi zoyenera kuchita.

1. Musadalire nkhope za anzanu. Akatswiri omwewa anadzaza utsi m'chipinda: okhala okha, 75 pa 100 anakanena, koma owakhazika ndi anthu awiri ouzidwa kuti asalabadire, anakanena 10 okha. Amene mukumuyang'anayo nayenso akuyang'ana inu.

2. Onani ngati pali choopsa, monga magalimoto, moto kapena nthambo za magetsi. Kenaka yandikirani, gwadani, funsani mokweza kuti, "Bambo, mukundimva?" Ngati munalakwitsa, mwangotaya mphindi imodzi.

3. Lozani munthu mmodzi, mumupatse ntchito imodzi. Apa ndi pamene ine ndimaona kuti pagona nkhani. Kukuwa kuti "thandizani!" kumangomwazika m'khamu. Nenani kuti, "Achimwene a malaya ofiira, imitsani galimoto," kapena "Amayi a chitenje chobiriwira, uzani anthu asunthe apeze mpweya." Wolozedwa chala sangabisalenso mwa anzake. Ngati ovulala ndi inu ndipo mukutha kulankhula, chitani chimodzimodzi.

4. Chitani zochepa zimene mukudziwa. Wa khunyu musamupanikize, ndipo chonde musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Chotsani zomwe zingamuvulaze, ikani chovala pansi pa mutu wake, akaleka kuphupha mumugoneke chammbali. Khunyu silipatsirana, ngakhale malovu ake akukhudzeni. Akapitirira mphindi 5, apite kuchipatala. Wotaya magazi, kanikizani pabala ndi nsalu yoyera. Wogundidwa ndi galimoto musamunyamule mwachisawawa, khosi ndi msana zikhoza kukhala zitathyoka.

5. Musachoke mpaka wina atamulandira.

Mwina mukuopa kuti mutsala nokha. Mu 2019 Richard Philpot ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza ataonera mikangano 219 yojambulidwa ndi makamera a m'misewu ku Amsterdam, Lancaster ndi Cape Town. Pa mikangano 10 iliyonse, 9 panapezeka wolowererapo, ndipo khamu likakula mwayi woti wina athandize unkakulanso. Ngati ndi ndewu, musalowe pakati nokha. Itanani awiri kapena atatu mupitire limodzi, wina aimbire apolisi.