Msilikali Akamangika ndi Ngongole: Kaoneni Akuluakulu Anu Olonjerera Asanafikeko

Okongoza ndalama amamukonda msilikali. Malipiro ake amachokera ku boma, amabwera mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku lolandirira ndi lodziwika. Komwe amagona n'kodziwikanso. Sangangosiya ntchito n'kusowa ngati munthu wamba, chifukwa kuthawa usilikali ndi mlandu. Kuwonjezera apo, ali ndi akuluakulu amene amawaopa. N'chifukwa chake pafupi ndi zipata za makampu a asilikali m'maiko ambiri mumadzaza timaofesi tokongoza ndalama za pompopompo, ogulitsa magalimoto ndi mafoni pangongole, ndi a katapila amene ofesi alibe koma tsiku la malipiro amalidziwa kuposa mwiniwake.

Ambiri amagwa m'chaka choyamba. Mnyamata wangomaliza maphunziro a usilikali, ndalama ya pamwezi sanaigwirepo chibadwire, abale onse akuyang'ana iye. Ena amagwa akasamutsidwa: banja latsala kwina, iye ali kwina, malipiro amodzi akudyetsa nyumba ziwiri.

Musanasaine chilichonse, werengani chiwongoladzanja pa chaka, osati pa sabata kapena pa mwezi mmene wokongozayo akukuuzirani. Munthu akati "tengani 100, mudzabweze 115 pakatha masabata awiri," zimamveka zochepa. Koma masabata awiriawiri m'chaka alimo 26, ndiye chiwongoladzanjacho ndi 390 peresenti pa chaka. Wa katapila wofuna 30 peresenti pa mwezi, mukalephera kubweza, 100 ija imasanduka 130, kenako 169, mwezi wachitatu yafika pafupifupi 220. Ku United States anaona kuti ngongole zoterezi zikufooketsa asilikali, mpaka mu 2006 anakhazikitsa lamulo la Military Lending Act loletsa kukongoza msilikali kapena banja lake pa chiwongoladzanja choposa 36 peresenti pa chaka, kuphatikizapo tindalama tina tonse timene wokongoza amabisa m'mapepala. Ngakhale kwanu kulibe lamulo lotere, 36 ameneyo mugwiritseni ntchito ngati muyeso. Ngongole yodutsa apo ikaneni.

Chenjeraninso ndi ngongole yodulidwa kumalipiro isanafike m'manja mwanu. Okongoza amaikonda chifukwa iwo amayamba kudya, banja lanu n'kudya zotsala. Ngongole imodzi yotere munthu amapirira. Ikafika yachitatu, pepala la malipiro limangodzaza mizere ya zodulidwa, pansi pake patsala ndalama yosakwana sabata. Apa ndi pamene munthu amapita kwa katapila kukafuna ya chakudya, n'kusiya khadi la ku banki ndi nambala yake yachinsinsi ngati chikole. Khadi limenelo musamupatse munthu aliyense wokongoza. Akalitenga, mwayamba kugwirira ntchito iyeyo. Unduna wa zachitetezo ku United States unachita kuletsa, kuyambira pa 1 Januwale 2015, kuti asilikali asamagule magalimoto, mipando kapena zipangizo zamagetsi pangongole yodulidwa kumalipiro, chifukwa amalonda ankawadyera masuku pamutu kudzera m'njira imeneyi.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndikufuna muigwiritsitse. Chida chachikulu cha wolonjerera ngongole kwa msilikali ndi mawu akuti "ndikawauza mabwana anu." Ena amapitirira: mutsitsidwa udindo, mumangidwa, muchotsedwa ntchito. Msilikali akamva izi amanjenjemera, n'kukatenga ngongole ina yoipitsitsa kuti atseke pakamwa pa woyambayo. Wolonjerera alibe mphamvu yotsitsa munthu udindo kapena kumutsekera m'chitolokosi cha asilikali. Mphamvu imene ali nayo ndi manyazi anu basi, ndipo mukapita nokha kukafotokoza kwa mkulu wanu, chida chijachi chathyoka.

N'zoona kuti akuluakulu a asilikali nkhani ya ngongole saitenga mwamasewera, ndipo ali ndi chifukwa. Munthu wopanikizika ndi ndalama amagulika. John Walker, wa gulu lankhondo lapanyanja la United States, anali m'mavuto a ndalama bizinesi yake ya bala italephera. Mu 1967 analowa mu ofesi ya kazembe wa Soviet Union, dziko limene linkalimbana ndi United States nthawi imeneyo, ku Washington n'kuyamba kugulitsa zinsinsi za mauthenga a nkhondo, ndipo anapitiriza mpaka anagwidwa mu 1985. Ndiye pofufuza munthu asanamulole kugwira zinsinsi za boma, amayang'ana ngongole zake. Koma chimene amaunika kwenikweni ndi mmene munthuyo akuchitira nayo ngongoleyo. Amene anabwera poyera, anakambirana ndi omukongoza, akubweza pang'onopang'ono, amamuona mosiyana kwambiri ndi amene anabisa mpaka masamoni a khothi anafika pa ofesi. Ngakhale m'malamulo a asilikali a ku United States, mu gawo 134 la Uniform Code of Military Justice, chimene chili mlandu ndi kusabweza mwachinyengo: kunama, kuzemba, kulonjeza zabodza. Kusowa ndalama pakokha si mlandu ayi.

Wolonjerera akaimba foni, musakane kuyankha, komanso musalonjeze kanthu pafoni pomwepo. Mufunseni dzina lake, kampani imene akuimira, ndi mwini ngongole weniweni. Muuzeni akutumizireni kalata yoonetsa ndalama imene munatenga, imene mwabweza kale, ndi mmene awerengera yotsalayo. Ngongole zimagulitsidwa kuchoka kampani ina kupita ina, ndipo m'njiramo manambala amasokonekera. Ena amalonjereredwa ngongole imene anamaliza kalekale, ena ya munthu wofanana naye dzina. Lembani tsiku ndi nthawi ya foni iliyonse, sungani mauthenga onse, makamaka oopseza. Polipira, lipirani m'njira yosiya umboni ndipo lisiti mulisunge.

Kenako pitani ku ofesi ya zamalamulo kapena yoona za umoyo wa asilikali, mukafunse zimene malamulo a dziko lanu amanena. Malamulowa amasiyana dziko ndi dziko, koma kuona a kwina kumathandiza kudziwa zoti mufunse. Ku United States, lamulo la Fair Debt Collection Practices Act la 1977 limaletsa makampani olonjerera ngongole kuimba foni isanakwane 8 koloko m'mawa kapena itadutsa 9 koloko usiku, limawaletsa kuuza anthu ena za ngongole yanu, mabwana anu omwe, ndipo limakupatsani masiku 30 oti mutsutse ngongoleyo polemba kalata. Lamulo lina, Servicemembers Civil Relief Act la 2003, limatsitsa chiwongoladzanja cha ngongole imene munthu anatenga asanalowe usilikali kufika pa 6 peresenti, ndipo limalola kuti mlandu wa ngongole uimitsidwe kwa masiku osachepera 90 ngati ntchito ikumulepheretsa msilikali kukaonekera kukhothi. Koma onani: kutsitsa chiwongoladzanjako sikuchitika kokha, msilikali ayenera kulemba kalata yopempha. Ambiri amaluza ufulu wawo chifukwa chosafunsa.

Masamoni a khothi akabwera, musawaike pansi pa pilo. Mukapanda kuyankha, khothi likhoza kugamula inu kulibe, ndipo apa ndi pamene malipiro amadulidwa mwalamulo.

Za kusainira mnzanu ngongole sindichulutsa mawu. Iye akasamutsidwa kapena akachotsedwa ntchito n'kusiya kubweza, ngongole yonse ndi yanu, ngakhale munagona naye m'ngalande imodzi. Ndipo inu a maudindo, musakongole kwa asilikali amene mumawalamula. Mudzalephera kuwadzudzula.

Nthawi yoopsa ina ndi pamene dzina lanu latuluka kuti mukupita kunja, kaya kunkhondo kaya kukasungitsa mtendere. Anthu amayamba kudya alawansi asanakwere n'komwe ndege. Dziwani kuti bungwe la United Nations ndalama za asilikali osungitsa mtendere limapereka ku boma la dziko lawo, ndipo boma lililonse limalipira asilikali ake motsata dongosolo lake ndi nthawi yake. Ulendo ukhozanso kusinthidwa, mwinanso dokotala n'kukubwezani. Choncho musatenge ngongole podalira ndalama imeneyi. Musananyamuke, khalani pansi ndi akunyumba kwanu, muwaonetse ngongole zonse, ndi zobisika zomwe, chifukwa olonjerera akakusowani amatembenukira kwa iwo. Ngati mukusiyira munthu kalata yoti azikusainirani zinthu, ilembedwe ndi loya, itchule zimene angachite, inene kuti sangatenge ngongole m'dzina lanu, ndipo ikhale ndi tsiku lothera.