Kalembedwe ka mbiri ya agogo aamuna yowerenga povundukula chiliza

Mbiri yowerengedwa pamaliro imalembedwa mothamanga usiku wa pasiwa, anthu ali ndi chisoni ndiponso ali kalikiliki ndi za bokosi ndi ufa, ndipo n'chifukwa chake imangonena kuti malemu anabadwa chaka chakuti, anakwatira, ndipo asiya ana angapo ndi zidzukulu. Mwambo wovundukula chiliza, umene kawirikawiri umachitika patapita chaka kapena kuposerapo, umapatsa banja mpata wolemba mbiri yoyenera munthu amene anakhala ndi moyo zaka 80 kapena 90 akugwirira ntchito mbumba yake.

Yambani ndi kufunsa anthu, ndipo muyambire kumudzi kumene agogo anabadwira. M'madera a chikamwini, monga pakati pa Achewa, Ayao ndi Alomwe, mwamuna amakalambira kumudzi kwa mkazi wake, moti ana ndi zidzukulu amamudziwa ali kale bambo wandevu, pamene za unyamata wake zimasungidwa ndi alongo ake ndi eni mbumba akwawo. Pitani kumeneko mutanyamula kashuga ndi sopo, mukhale pamphasa, ndipo musafunse ngati wapolisi. Funso lakuti "Kodi ankasekedwa dzina lanji ali mnyamata?" limamasula pakamwa pa nkhalamba kuposa lakuti "Anabadwa liti?" Mukapempha chilolezo, jambulani mawu pafoni kuti musatanganidwe ndi cholembera.

Nkhani ya zaka ndiyo imafuna kudekha kwambiri. Chaka chimene chili pachiphaso cha unzika, mwa ziphaso zimene anthu ambiri analembetsa mu 2017, nthawi zambiri chinali chongoyerekezera kwa anthu achikulire, choncho chiyeseni ndi zochitika zodziwika. Ngati mlongo wawo akunena kuti agogo anali akuweta mbuzi panthawi ya njala ya 1949, ndiye kuti anabadwa cha m'ma 1930 kumapeto kapena 1940 kumayambiriro. Ngati anayamba kukhoma msonkho m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndiye kuti anauyamba pakati pa 1953 ndi 1963. Ngati malipiro awo oyamba anali a mapaundi ndi masheleni, ntchitoyo anaiyamba chisanafike chaka cha 1971 pamene kunabwera kwacha ndi tambala. Kwa amene anapita ku Joni ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu aganyu a kumigodi, chizindikiro chachikulu ndi ngozi ya ndege ya ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974, imene inapha Amalawi oposa 70 obwerera kuchokera kumigodi, ndipo pambuyo pake Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu aganyu a kumigodi ya ku South Africa. Funsani ngati ulendo wawo unachitika ngoziyo isanachitike kapena itachitika kale.

Kenaka tsegulani sutikesi yakale ija imene imakhala kunsi kwa bedi, pamaso pa akuluakulu kuti pasadzabuke nkhani. M'menemo mumapezeka khadi la ubatizo, malisiti a msonkho, buku la ku positi ofesi ndi zithunzi zolembedwa tsiku kuseri. Kumene mapepala asowa, mlembi wa mpingo angathe kukuonetsani kaundula wa ubatizo ndi maukwati.

Polemba, pewani mawu amene angathe kunenedwa pamanda a munthu aliyense. Kuti agogo anali olimbikira ntchito aliyense akudziwa, ndipo anthu akamva mawu amenewo amayamba kuyang'ana kumene kukuphikidwa nsima. Nenani za khasu limene linatha mpaka kutsala ngati chikhatho koma iwo n'kumangolisinthira mpini, za njinga imene ankapalasa mbandakucha kupita nayo kumsika atamangirira mtanga wa tomato, kapena za ng'ombe imene anagulitsa mwezi wa Januwale, mitengo ili yotsika, kuti mwana wawo wamkazi asabwezedwe kusukulu. Zinthu zitatu zoterezi n'zokwanira. Zofooka zawo simuyenera kuziulutsa pagulu, komanso musalembe zosemphana ndi zimene mudzi wonse unaona, chifukwa munthu amene ankadziwika ndi ukali mukamutcha wofatsa, omvera amasiya kukhulupirira ndi zoona zomwe.

Chiwerengero cha ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi mugwirizane ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri tsikulo lisanafike, makamaka ngati agogo anali ndi banja loyamba kapena anasiya mwana ku Harare kapena ku Kitwe. Dzina limodzi loiwalika pamenepa limabala chidani cha zaka.

Mbiriyo isapitirire mphindi zisanu ndi ziwiri poiwerenga. Iwerengereni mokweza agogo aakazi, ngati alipo, kudakali sabata, ndipo zimene akonze muzikonzedi. Dzina, mfunda ndi zaka zimene mwagwirizana muzilembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu n'kukapereka nokha kwa womanga chiliza asanayambe kusema.