Thirani asidi m'madzi, osati madzi mu asidi

Inu ophunzira amene mwangoyamba kulowa m'labotale ya chemistry, mukauzidwa kuti muchepetse mphamvu ya sulfuric acid, yambani mwathira madzi mu beaker (kapu yagalasi ya m'labotale), kenako muzitsanuliramo asidiyo pang'onopang'ono uku mukutakasa ndi kandodo kagalasi. Chifukwa chake n'chakuti asidi ameneyu, amene amabwera m'botolo ali ndi mphamvu ya 98 peresenti, ndi wolemera pafupifupi kawiri kuposa madzi, ndipo akakumana ndi madzi amatulutsa kutentha kwakukulu. Mukathira madzi pamwamba pake, madzi ochepawo amayandama, amawira nthawi yomweyo, n'kuthovukira kumaso kwanu pamodzi ndi asidi. Koma asidi akamalowa m'madzi ochuluka, amamira ndipo kutenthako kumamwazikana.

Muzikhudza kunja kwa beaker ndi dzanja lovala gulovu. Ikatentha kwambiri, dikirani kaye izizire. Magalasi oteteza maso musawakweze pachipumi, ngakhale atachita nthunzi, pakuti ndaona ambiri akuchita zimenezi pa nthawi yoopsa yeniyeniyo. Kadontho kakakugwerani pakhungu, tsukani pampopi kwa mphindi zosachepera 15, ndipo mnzanu akaitane mphunzitsi inu mukutsukabe.