Momwe mungaperekezere ana a sukulu ku masewera akutali

Timu ikaitanidwa kukasewera ku zoni ina, ana amangolota zigoli. Woperekeza ndiye ayenera kuganiza za njira, madzi ndi ola lobwerera, pakuti zovuta zenizeni za ulendo wotere zimadikira pa msewu, makamaka pobwerera.

Yambani kutatsala sabata imodzi. Mphunzitsi wamkulu adziwitse a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni), komiti ya sukulu ndi PTA (bungwe la makolo ndi aphunzitsi), kenako makolo alandire kalata yonena kumene mukupita, galimoto yake ndi nthawi yobwerera. Kholo lisayine kapena kudinda chala. M'kalatamo funsani ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu kapena mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku, ndipo wotereyo atenge mankhwalawo ndi buku lake la kuchipatala.

Pa ana khumi aliwonse pakhale wamkulu mmodzi. Ngati atsikana a ntchembere mbaye akupita, mphunzitsi wamkazi kapena mayi wa mother group asasowe, ndipo atenge mapadi, sopo ndi chitenje chapadera. Mtsikana amene msambo wamudzidzimutsa pabwalo sangakauze mphunzitsi wamwamuna. Amangokhala phee pansi pa mtengo, ena n'kumati wachita ulesi.

Lembani maina pa mapepala awiri, lina litsale ku ofesi. Poitana musawerenge mitu ayi, itanani dzina ndi dzina, mwini wake avomere mukumuona. Pa lole pamakwera ochemerera osalembedwa, ndiye chiwerengero chimatha kukwana bwinobwino pamene goloboyi wanu watsala kumsika akugula mandasi. Itanani ponyamuka, pofika, masewera akatha, ndi paliponse pamene galimoto yaima.

Nkhani ya galimoto imafuna kuuma mtima. Basi kapena minibasi ikapezeka, tengani imeneyo. Koma kumadera ambiri chimene chilipo ndi lole yonyamula chimanga, choncho kaioneni dzulo lake: matayala, tayala lapadera, jeki, mabuleki, nyali ndi zotsekera za kumbuyo. Ana akhale pansi m'kati, wina asakhale pamwamba pa mpanda kapena kulendewetsa miyendo. Nyimbo zikakolera amayamba kuimirira ndi kuvina, ndipo lole ikangogunda dzenje kapena kudutsa pansi pa nthambi, ngozi yachitika. N'chifukwa chake akuluakulu awiri akhale kumbuyo komweko ndi ana, asathamangire mpando wa kutsogolo. Dalaivala mpatseni theka la ndalama ponyamuka, theka lina mukafika kwanu. Akalandira zonse m'mawa amatha kupita kukachita matola kapena kukalowa pamowa, inu n'kumadikira mpaka mdima. Akabwera akununkha kachasu, ana asakwere, ngakhale zitatanthauza kugona komweko.

Madzi musadalire mjigo wa kumene mukupita, mwina unaonongeka. Werengerani malita awiri pa mwana, kuposa apo ngati ndi ku Chikwawa, ku Nsanje kapena kunyanja mu Okutobala. Ana 30 ndiye kuti zigubu zitatu za malita 20, zothira WaterGuard monga mwa malangizo a pa botolo. Nsima adye maola awiri kapena atatu mpira usanayambe. Nthochi ndi mbatata yophika zisungidwire pobwerera.

M'chikwama mukhale mabandeji, pulasitala, thonje, magolovesi, Panado ndi mapaketi a Thanzi. Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi abwino. Ikatha, sakanizani masipuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la sipuni ya mchere mu lita imodzi. Mwana wochita chizungulire ndi dzuwa mugonekeni pamthunzi, mum'masule zovala, mum'patse madzi pang'onopang'ono. Ngati mukukayikira kuti fupa lathyoka, musalole aliyense kukoka kapena kutikita. Mangirirani timatabwa kapena makatoni mbali zonse ziwiri, thamangirani kuchipatala. Amene wagunda mutu n'kumasanza kapena kusokonekera asabwererenso m'bwalo, kaya aphunzitsi a masewera adandaule bwanji. Nambala ya mlangizi wa zaumoyo wa kuderalo ndi ya wakabaza wa njinga yamoto zilembedwe papepala, ndipo pagulu pakhale foni ya Airtel ndi ya TNM, poti pamene ina yasowa netiweki inzake imatha kugwira.

Gwirizanani ndi sukulu yokulandirani kuti masewera ayambe m'mawa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mdima umagwa 6 koloko isanakwane, choncho pofika 3 koloko ana akhale atakwera. Mluzu womaliza ukalira sonkhanitsani ana pamalo amodzi msanga, chifukwa miyala ndi ndewu za ochemerera zimayamba nthawi imeneyo. Mtsikana asatengedwe pa njinga ndi munthu wongoti "ndine malume ake" popanda kholo kutsimikiza pa foni. Nkhanza zikachitika, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, ndipo dziwitsani apolisi.

Nyengo ya dzinja, mtsinje umene munauoloka m'mawa uli mchenga wokhawokha ukhoza kudzaza masana mvula itagwa kumapiri, inu musanaone dontho. Madzi akakwirira mlatho musayese, ngakhale dalaivala alumbire kuti amaudziwa. Bwererani, ana agone m'makalasi, atsikana kwaokha ndi amayi, anyamata kwaokha, ndipo tumizani uthenga kwa mphunzitsi wamkulu ndi amfumu kuti makolo asayambe kufunafuna usiku.

Mukafika, itananinso maina. Ana okhala midzi yakutali aperekezedwe ndi wamkulu mpaka pakhomo, kapena agone kwa mphunzitsi wamkulu makolo atadziwitsidwa.