Lekani kukopera nambala ya MAC

Mwezi uno ndalowa m'zipinda za makompyuta ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula, ndipo dandaulo ndi limodzi: netiweki ikungodukaduka. Aliyense akuti ndi kutenthaku. Kwina ndapeza atayika fani kuti izipemerera rauta. Rauta ilibe mlandu. Vuto ndi achinyamata athu oyesa mapulogalamu, amene akumakonza virtual machine imodzi (kompyuta yoyerekeza yomwe imayenda mkati mwa kompyuta yeniyeni) m'pulogalamu ya VirtualBox, kuiika pa bridged (kuti izioneka pa netiweki ngati kompyuta yapayokha), n'kuikopera pa makompyuta onse osasintha nambala yake ya MAC.

Nambalayi ndi yozindikiritsa makina pa netiweki, ili ndi zilembo ndi manambala 12, ndipo pa netiweki imodzi makina awiri sayenera kukhala nayo yofanana. Ikafanana, switch, kachipangizo kolumikiza makompyuta pa netiweki, imabalalika: uthenga wa uyu imaupereka kwa uyo, pakapita kanthawi n'kutembenukanso. Rauta nayo imayesa kuti ndi makina amodzi n'kuwapatsa IP (adiresi ya pa netiweki) imodzi. Fayilo imadukira pakati, mumayambiranso, bandulo n'kumatha chabe. Choipitsitsa, mumatha sabata mukufufuza cholakwika m'pulogalamu yomwe ilibe vuto lililonse.

Ena ndikawauza kuti asinthe, amangolemba 11:22:33:44:55:66 chifukwa njosavuta kukumbukira. Khalidwe limeneli landitopetsa. Mnzanu wa tebulo linalo walembanso yomweyo! Komanso nambala imene imayamba ndi 11 ndi ya multicast, yotumizira uthenga ku gulu, siyoyenera makina amodzi. Linux amaikana.

Ku Ngabu ndinapeza bambo ena olima thonje, omwe anapalasa njinga kuchokera kumudzi kudzatumiza makalata a kalabu yawo. Anadikira mpaka dzuwa kufika paliwombo, thukuta lili kamukamu, envulopu ili pamwendo. Nditawafotokozera chomwe chavuta, anandifunsa kuti ng'ombe ziwiri zodindidwa chizindikiro chimodzi tingazisiyanitse bwanji kudibi. Anamvetsa msanga kuposa ena amene anaphunzira zimenezi.

Chochita n'chochepa. Pokopera, sankhani kuti VirtualBox ipange nambala zatsopano. Zake zimayamba ndi 08:00:27, za QEMU, pulogalamu ina yonga VirtualBox, ndi 52:54:00. Mukamapanga nokha, malo achiwiri pakhale 2, 6, A kapena E, mwachitsanzo 02, kusonyeza kuti ndi yapanyumba, siili m'gulu la zomwe bungwe la IEEE, loyang'anira nambalazi, limagawira makampani. Malo otsalawo kompyuta isankhe yokha mwachisawawa, osati mutu wanu. Zomwe mwagwiritsa ntchito muzilemba m'kope. Amene munakopera kale, tsegulani tsamba la rauta lero muone ngati makina onse akuoneka, aliyense ndi nambala yake.