Maiki ya riboni siopa phokoso, imaopa mphepo

Ambiri akangomva zoti maiki ya riboni amaitenga ngati dzira, eti ukangoimba mokweza basi yafa, ayi ndithu. Maiki ya riboni yotchedwa Royer R-121, imene inatuluka mu 1998, anthu amaiika pafupi penipeni ndi ampu ya gitala ikulira mwamphamvu koma imapirira bwinobwino. Mdani wake weniweni ndi mphepo.

Mkatimo muli kariboni, kachidutswa ka aluminiyamu kopindapinda, kopyapyala mwina ma micron awiri okha (mu milimita imodzi muli ma micron 1,000), kolendewera pakati pa maginito, mawu akakagwedeza ndi pamene kamatulutsa timagetsi. Ndiye chonde chonde musamaiuzire "fuu fuu" poyesa ngati ikugwira, ingoyankhulani basi, ine zimandiwawa ndikaona munthu akutero chifukwa kariboni kakatamuka mawu ake sabwereranso mpaka kasinthidwe. Woimba muikireni pop filter (kasefa kotchinga mpweya wa m'kamwa), aime kapatali pang'ono, maikiyo muipendeketse kuti mpweya wa ma "p" usaimenye molunjika. Pabowo la kick drum, ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi ija, ndiye musayerekeze n'komwe.

Za phantom power, magetsi a 48V amene amapita ku maiki kudzera m'chingwe chake, azimitseni musanalowetse kapena kuzula chingwe. Chingwe chikakhala chabwino nthawi zambiri palibe chimachitika, koma chikakhala chowotcheredwa molakwika kapena mukusinthasintha pa patchbay (bolodi la mabowo olumikizira zingwe) magetsi amatha kukankha kariboni mpaka kuduka. Maiki zina za riboni zotchedwa active zimafuna 48V yomweyo kuti zigwire ntchito, ndiye onani kaye mtundu wa yanuyo.

Yosakhala ya active imatulutsa mawu otsika, pamafunika preamp (chipangizo chokwezera mawu a maiki) yokweza mpaka 60 kapena 70 dB osayamba kulira "sssss".

Chimene ndimaikondera ine ndi mamvedwe ake. Maiki zambiri za riboni zimamva kutsogolo ndi kumbuyo ngati nambala 8, m'mbalimu ndi zogontha, ndiye ngati woimba gitala ali chipinda chimodzi ndi wa ng'oma lozetsani mbali yogonthayo ku ng'omako, mudabwa mmene zichepere. Kungoti kumbuyo imatola chipinda chonse, khoma likakhala pafupi mulimva. Mukaiyandikitsa kwambiri besi imachuluka, isuntheni kaye m'mbuyo musanathamangire EQ (posinthira kuchuluka kwa besi ndi mawu ena). Pa lipenga kapena ma cymbal (zimbale zachitsulo za pa ng'oma) obaya m'makutu imasalaza mawu mokoma zedi.

Mukamaliza ivekeni kathumba kake musanayende nayo, maginito aja amakoka tizitsulo ta m'fumbi, ndipo muisunge choimirira kuti kariboni kasagwere mbali imodzi.