Mmene Anthu a M'dera Angachepetsere Ziwawa za Achinyamata M'mizinda

Makomiti ambiri ofuna kuthetsa ziwawa amayamba ndi msonkhano waukulu, pomwe akuluakulu amalangiza motalika ana amene sanamenyepo munthu, chonsecho oyenda ndi mipeni sanabwere n'komwe. Kuti ntchito yanu iphule kanthu, dziwani kaye kuti ziwawa sizimwazikana mofanana mumzinda: zimachitika m'malo ochepa, pakati pa anthu ochepa, ndipo kawirikawiri zimakhala zobwezerana.

Yambani ndi kufufuza malo ndi nthawi, koma musadalire mabuku a apolisi okha chifukwa ovulala ambiri sakadandaula. Dokotala Jonathan Shepherd wa mumzinda wa Cardiff ku Britain ataona zimenezi, anakonza m'zaka za m'ma 1990 zoti olandira odwala pachipatala azifunsa kumene munthu wavulazidwira, nthawi yake ndi chida chimene chagwiritsidwa ntchito, kenaka uthengawo uzipita kwa apolisi ndi khonsolo popanda dzina la wovulalayo. Pemphani chipatala cha m'dera lanu kuti chizichita chimodzimodzi, ndipo lembani malowo pamapu mwezi ndi mwezi.

Mukadziwa malo, funsani kuti akumenyana ndani. Mumzinda wa Boston ku America, ofufuza anapeza kuti magulu okhala ndi achinyamata pafupifupi mmodzi pa 100 aliwonse a mumzindawo ankakhudzidwa ndi imfa zosachepera 60 pa 100 zilizonse za achinyamata ophedwa. Mu 1996 apolisi, abusa ndi alangizi a achinyamata anayamba kukumana ndi maguluwo maso ndi maso n'kuwauza kuti thandizo lilipo kwa ofuna kusintha, koma wina akawomberanso munthu, gulu lake lonse lidzalondoledwa ndi lamulo. Mukatsata njirayi, musalonjeze ntchito kapena sukulu zimene mulibe, chifukwa lonjezo limodzi labodza ndi lokwanira kuti asadzakumvereninso.

Pamene pafunika khama lalikulu ndi pa amkhalapakati. Gary Slutkin, dokotala amene anagwirapo ntchito yolimbana ndi kolera, chifuwa chachikulu ndi Edzi mu Africa, anaona kuti ziwawa zimafala ngati mliri, popeza wovulazidwa lero ndiye amakavulaza wina mawa. Pulogalamu imene anayambitsa mumzinda wa Chicago ku America mu 2000, yomwe tsopano imatchedwa Cure Violence, imalemba ntchito anthu a m'dera lomwelo ngati amkhalapakati kuti azidula mchitidwe wobwezerawu. Posankha anthu otere, musayang'ane maphunziro kapena ulemu umene ali nawo kwa akuluakulu. Yang'anani ngati anyamata ovutawo angaime n'kuwamvera pakati pa usiku. Nthawi zambiri oyenerera amakhala amene anakhalapo m'magulu omwewo kapena kundende, ndipo apa m'pamene makomiti ena amabwerera m'mbuyo, molakwitsa ndithu.

Ntchito ya amkhalapakati imakula munthu akangovulazidwa. Mmodzi athamangire kuchipatala kukakhala ndi wovulalayo pamodzi ndi abale ake, wina apite kumene anzake asonkhana, ndipo onse aonekere pamaliro ngati pachitika imfa. Cholinga si kuweruza mlandu ayi, koma kuchedwetsa anthu okwiya mpaka mitima itsike: kumuyendetsa mnyamata kutali ndi malowo, kumukumbutsa za mwana wake, kapena kumupezera njira yolekera popanda kuoneka wamantha pamaso pa anzake. Amkhalapakatiwa asamakanene kupolisi zimene amva, apo ayi palibe adzawaululirenso kanthu ndipo moyo wawo udzakhala pachiswe. Aphunzitseni, alipireni, ndipo aziyenda awiriawiri. Njirayi yathandiza m'mizinda ina koma m'mizinda ina sinasinthe zambiri, choncho siyenera kuima yokha.

Konzaninso malo amene aonekera pamapu aja. Mumzinda wa Philadelphia ku America anangochotsa zinyalala pamapuloti osiyidwa, n'kudzalapo kapinga ndi mitengo komanso kumanga timipanda tatifupi, ndipo kafukufuku wa mu 2018 anasonyeza kuti kuwomberana kunatsika ndi 29 peresenti m'madera osaukitsitsa. Ntchito nazo zimathandiza: achinyamata a ku Chicago amene anapatsidwa ntchito ya masabata asanu ndi atatu patchuthi cha mu 2012 anamangidwa pa milandu ya ziwawa mochepera ndi 43 peresenti poyerekeza ndi anzawo amene sanapatsidwe ntchitoyo, pa miyezi 16.

Pewani kutengera ana kundende kuti akaidi akawaopseze, popeza kafukufuku wasonyeza kuti ana oterowo amapalamula kwambiri kuposa amene sanapiteko. Olondera a m'dera nawonso asamamenye wogwidwa, chifukwa akatero apereka chifukwa chatsopano chobwezera kwa anzake. Poyesa ngati mukupita patsogolo, musawerenge misonkhano imene mwachititsa; werengani anthu ofika kuchipatala atabayidwa kapena kuwomberedwa, yerekezani ndi miyezi yomweyo ya chaka chatha, ndipo sunthani amkhalapakati ngati ziwawa zasamukira mumsewu wina.